Kompyuta ya Linux ikamachedwa kuyaka, fufuzani kaye pomwe nthawi ikutayikira

Pa madandaulo onse amene anthu amabwera nawo pamalo pomwe ndimakonzera makompyuta kuno ku Salima, limene silikutha ndi la kompyuta yochedwa kuyaka. Munthu amadina batani m'mawa, n'kukhala akuyang'ana kachizindikiro kakuzungulira pa sikirini, ndipo ngati ali ndi bizinesi yotaipa ndi kusindikiza makalata, kasitomala amene walawirira kuchokera ku Lifuwu kapena ku Khombedza amatopa n'kukalowa pakhomo lina. Kuchokera pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene kampani ya Microsoft inatseka chithandizo chake cha nthawi zonse pa Windows 10, eni malaputopu akaunjika amene sangalandire Windows 11 akhala akutembenukira ku Linux, ndipo funso limene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti: "Achimwene, pa ma Linux onsewa, imene imayaka msanga ndi iti?"

Funsolo ndi lomveka, koma limasocheretsa. Ndaona anthu akufufuta mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu n'kuika Linux Mint, sabata isanathe n'kuika Debian, akumaliza mabandulo a intaneti pokopera masisitimu atsopano, chonsecho chochedwetsa chili pa disiki, mu BIOS (pulogalamu ya mkati mwa kompyuta imene imayamba kudzuka sisitimu isanayake), kapena pa mzere umodzi wolakwika mu fayilo ina. Masisitimu amasiyanadi liwiro, ndipo ndifotokoza kusiyanako, koma simungawayerekeze mwachilungamo pa kompyuta imene ili ndi nthenda yakeyake.

Kuyeza nthawi

Ubuntu, Linux Mint, Debian ndi Fedora zimayatsidwa ndi pulogalamu yotchedwa systemd, imene inatuluka mu 2010. Fedora inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, pamene Debian ndi Ubuntu zinatsatira mu 2015. Ubwino wake pa nkhani yathuyi ndi wakuti imasunga nthawi imene gawo lililonse la kuyaka latenga. Tsegulani terminal (zenera lolembamo malamulo), lembani systemd-analyze, ndipo mudzaona mzere woyamba ndi mawu akuti "Startup finished in", wotsatiridwa ndi manambala a masekondi. Nambala ya firmware ndi nthawi imene kompyuta imadziyendera yokha isanakhudze n'komwe Linux. Ya loader ndi ya GRUB, kapulogalamu kamene kamasankha sisitimu yoti iyake. Ya kernel ndi ya mtima weniweni wa Linux, ndipo ya userspace ndi ya timapulogalamu tonse tothandizira timene timadzuka mpaka sikirini yolowera itaonekera. Pa Fedora mudzaonanso nambala ya initrd (gawo lokonzekera kutsegula disiki) payokha, pamene pa Debian nthawiyo imawerengeredwa limodzi ndi ya kernel, choncho musadabwe kernel ya Debian ikaoneka ngati yolemera kuposa ya Fedora. Makompyuta akale a BIOS wamba, opanda UEFI (BIOS ya makono), saonetsa firmware ndi loader; pamenepo gwiritsani ntchito wotchi ya pa foni, kuyambira podina batani mpaka GRUB itaonekera.

Lembani manambalawo papepala musanasinthe kalikonse. Nambala yaikulu kuposa zonse ndiyo ikuuzani poyambira.

Ngati nthawi yambiri ikupita ku firmware, Linux ilibe mlandu, ndipo ngakhale mutasintha sisitimu kakhumi palibe chidzasinthe. Makompyuta ambiri akaunjika anachokera m'maofesi akuluakulu kumene anawatchera kuti aziyamba afufuza sisitimu pa netiweki, ndipo mukaona mawu oyamba ndi PXE pa sikirini yakuda, dziwani kuti kompyutayo ikufunafuna seva imene inatsala kutsidya kwa nyanja. Lowani mu BIOS, pa makompyuta ambiri podina F2, F10 kapena Delete ikangoyaka, ndipo pa mndandanda wa zoyatsira ikani disiki yanu pamwamba. Mukadali momwemo yang'anani tsiku ndi nthawi. Zikakhala kuti zabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kapena kompyuta imaima n'kukupemphani kudina F1 tsiku lililonse, ndiye kuti kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti 3, katha mphamvu. Zulaninso mafulashi, pulinta ndi disiki yakunja n'kuyesanso, chifukwa BIOS ina imazengereza pofunsa chipangizo chilichonse cholumikizidwa.

Pa gawo la GRUB mpamene oyerekeza masisitimu amapusitsikira kwambiri. Debian imadikira masekondi 5 kuti musankhe, Ubuntu ikakhala yokha pa disiki imabisa mndandandawo osadikira, pamene FreeBSD, imene si Linux koma nayonso ndi yotseguka kwa aliyense, imadikira masekondi 10 pa mndandanda wake. Munthu wa wotchi m'manja anganene kuti Ubuntu yapambana, koma kusiyanako n'kwa makonzedwe chabe. Mu fayilo ya /etc/default/grub muli mzere wa GRUB_TIMEOUT. Sinthani nambala yake kukhala 2, sungani, kenako, pa Debian, Ubuntu ndi Linux Mint, lembani sudo update-grub. Sindilimbikitsa kuika 0, chifukwa tsiku limene kernel yatsopano idzakane kuyaka mudzafuna mpata wosankha yakale. Pa FreeBSD mzere wofanana nawo ndi autoboot_delay mu /boot/loader.conf.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife amene magetsi amatizimira mosayembekezereka. Pa Ubuntu ndi Linux Mint, magetsi akathima kompyuta ili mkati moyaka, GRUB imasunga chizindikiro chakuti kuyaka kwapitako sikunathe bwino, ndipo ulendo wotsatira imadikira masekondi 30 posatengera zimene munalemba pa GRUB_TIMEOUT. Kuti mufupikitse kudikiraku, onjezerani mzere wa GRUB_RECORDFAIL_TIMEOUT=5 mu fayilo yomweyo, n'kulembanso sudo update-grub. Kuzima kwadzidzidzi kumasiyanso disiki isanatsekedwe bwino, ndipo poyaka sisitimu imayamba yakonza zimene zinatsala m'njira. Nthawi zambiri zimenezi zimatenga kanthawi kochepa, ndipo musazimitse kompyuta pakati pa ntchitoyo. Zikavuta kwambiri mudzagwera pa sikirini yakuda yolembedwa initramfs, ndi uthenga wokuuzani kuti muyendetse fsck nokha pa chigawo chimene chatchulidwa. Lembani fsck -y motsatiridwa ndi dzina la chigawocho monga momwe laonekera, mwachitsanzo /dev/sda2, ndipo ikamaliza lembani exit. Zimenezi zikamachitika mobwerezabwereza ngakhale magetsi asanazime, muyambe kuikayikira disikiyo.

Mphindi imodzi ndi theka

Pali kuchedwa kumodzi kumene ndimakuzindikira ndisanatsegule n'komwe terminal, chifukwa nthawi yake sisintha. Aphunzitsi ena ochokera cha ku Chipoka anabwera ndi laputopu itakulungidwa m'chitenje chifukwa cha fumbi, n'kunena motsimikiza kuti Debian ndi sisitimu yaulesi. Mdzukulu wawo anali atawaikira antiX, Linux ina yopepuka, pambali pa Debian, ndipo antiX inkayaka mofulumira pamene Debian inkangoima nji. Ndinayatsa Debian, n'kudina Esc kuti zolembedwa zionekere, ndipo tonse tinaona mzere wakuti "A start job is running for dev-disk-by-uuid", nthawi ikuwerengedwa kulowera ku 1min 30s.

"Aphunzitsi, kodi kuchedwaku kunayamba liti?" ndinawafunsa.

Anaganiza pang'ono, n'kuyankha kuti: "Tsiku lomwe mwanayu anaika inayo."

Chimene chinachitika ndi ichi. Chigawo chilichonse cha disiki chili ndi nambala yakeyake yaitali yotchedwa UUID, ndipo sisitimu imasunga manambalawa mu fayilo ya /etc/fstab kuti idziwe zigawo zoti itsegule poyaka. Poika sisitimu yachiwiri, chigawo cha swap, chimene chimathandizira RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira nthawi yomweyo) ikadzaza, chinafufutidwa n'kukonzedwanso, ndipo chinalandira UUID yatsopano. Debian inkafunabe nambala yakale, ndipo systemd imadikira masekondi 90 isanataye mtima pa chigawo chimene sichikuoneka. Kuyerekeza kumene aphunzitsiwo anachita ndi kumene kunabweretsa vuto limene ankaliyeza.

Pokonza, yambani mwasunga kope la fayiloyo polemba sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.bak, chifukwa kulakwitsa m'menemo kungaletse kompyuta kuyaka. Kenako lembani sudo blkid kuti muone manambala enieni a zigawo zonse, tsegulani fayiloyo ndi sudo nano /etc/fstab, ndipo yerekezani mzere ndi mzere, modekha, chilembo ndi chilembo. Pomwe nambala yasiyana ikanipo yatsopano. Pa Debian, Ubuntu ndi Linux Mint yang'ananinso fayilo ya /etc/initramfs-tools/conf.d/resume ngati ilipo, chifukwa nayonso imasunga UUID ya swap, ndipo ikakhala yakale mumaona uthenga wakuti "Gave up waiting for suspend/resume device" pambuyo pa kudikira kwinanso. Ikonzeni, kapena lembanimo RESUME=none ngati simugoneka kompyuta pa disiki (Hibernate), ndipo malizani ndi sudo update-initramfs -u. Kudikira kwa masekondi 90 komweku kumabweranso ngati munalemba disiki yakunja mu fstab koma lero simunailumikize. Pa mzere wake onjezerani mawu akuti nofail. Laputopu ya aphunzitsi aja itakonzedwa, Debian inkatsalirabe pang'ono kumbuyo kwa antiX, koma osati mokwanira kuti munthu asamukire kwina.

Ngati nambala yaikulu ndi ya userspace koma uthenga wotere sukuoneka, lembani systemd-analyze blame, ndipo mudzaona timapulogalamu tonse titandandalikidwa kuyambira kochedwa kwambiri. Apa ndipempha kusamala, chifukwa mndandandawu wanamiza anthu ambiri. Systemd imadzutsa zinthu zambiri nthawi imodzi, ndiye kapulogalamu kangatenge nthawi yaitali popanda kuchedwetsa china chilichonse. Zinthu monga apt-daily.service, man-db.service ndi fstrim.service zimakonda kukhala pamwamba, koma zimagwira ntchito yake kumbali, ndipo plymouth-quit-wait.service imangodikira kuti zina zithe. Lamulo lokuuzani zoona ndi systemd-analyze critical-chain, limene limaonetsa unyolo wa zimene zikudikirana. Chimene chili mu unyolowo ndipo chili ndi masekondi ambiri ndicho choyenera kuchifufuza.

Kwathu kuno chimene chimapezeka kawirikawiri mu unyolowo ndi NetworkManager-wait-online.service, imene imadikira kuti intaneti ilumikizike. Ambiri a ife timalumikiza kompyuta ku foni kapena ku kamodemu tikafuna intaneti basi, ndiye kudikirako kulibe phindu. Lembani sudo systemctl disable NetworkManager-wait-online.service, ndipo intaneti idzagwirabe ntchito monga kale. Isiyeni yokha ngati kompyuta yanu imatsegula mafayilo a pa seva ya muofesi poyaka. Mukaona systemd-journal-flush.service ikuchedwa, onani kukula kwa zolemba za sisitimu ndi journalctl --disk-usage, n'kuzichepetsa ndi sudo journalctl --vacuum-size=100M. Koma musatengeke n'kuyamba kuzimitsa chilichonse chimene simukuchidziwa. Mukazimitsa cups, pulinta isiya kusindikiza. Mukazimitsa ModemManager, kamodemu kanu kasiya kuoneka. Sinthani chinthu chimodzi, yatsaninso kompyuta, yezaninso, kenako mupite pa china.

Disiki ndiyo imalamula

Zonse ndafotokozazi zimachotsa kudikira kopanda pake, koma liwiro lenileni la kuyaka limadalira disiki kuposa china chilichonse. Poyaka, sisitimu imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndipo hadidisiki yakale ya mu laputopu, imene mbale yake nthawi zambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi, imayenera kusuntha kamutu kake kuti ipeze kafayilo kalikonse. SSD, disiki ya makono, ilibe chozungulira ndipo imafika paliponse nthawi yomweyo. Kuti mudziwe imene muli nayo, lembani lsblk -d -o NAME,ROTA. Nambala 1 ikutanthauza disiki yozungulira, 0 ikutanthauza SSD. Pa makompyuta amene ndagwirapo, kuchotsa hadidisiki n'kuika SSD ya SATA, ngakhale yaing'ono ya 120 GB, kwasintha zinthu kwambiri kuposa kusintha kulikonse kwa sisitimu, ndipo amene ali ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha ndimawauza kuti ayambire pamenepo.

Disiki yodwala imachedwetsa koposa, chifukwa imabwerezabwereza kuwerenga malo owonongeka. Ikani pulogalamu yoyeza disiki ya smartmontools, lembani sudo smartctl -a /dev/sda, ndipo yang'anani mizere ya Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. Manambala akumapeto kwa mizereyi akakhala opitirira 0, makamaka ngati akukwera pakapita masiku, koperani mafayilo anu onse lero lomwe, musanaganizenso za liwiro. Ndikunena zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa ndaonapo munthu akutaya zolemba za sukulu za zaka zingapo atatha milungu akusinthasintha masisitimu pa disiki imene inali kufa.

Kutentha kwa kuno kunyanja nakonso kuli ndi gawo lake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, laputopu imene fani yake yatsekeka ndi fumbi imatentha msanga, ndipo purosesa imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa imayaka bwino koma masana, makamaka mukangoizimitsa n'kuiyatsanso, imakwawa. Ikani pulogalamu ya lm-sensors n'kulemba sensors kuti muone kutentha kwake, pukutani fumbi m'timazenera ta mphepo, ndipo musaigwiritse ntchito pamphasa kapena pabedi.

Kompyuta ikachira, mungathe tsopano kuyerekeza masisitimu. Yesani onse pa kompyuta imodzi ndi disiki imodzi, ataikidwa ndithu pa disikiyo, chifukwa kuyatsa kuchokera pa fulashi kumayeza liwiro la fulashiyo, ndipo doko la USB 2.0 n'lochedwa kwambiri poyerekeza ndi SATA. Ulendo woyamba mutangoika sisitimu musauwerengere, popeza pamakhala zokonza za kamodzi kokha. Yatsani katatu kapena kasanu kuchokera pozimiratu, n'kutenga nthawi yapakati. Chofunika kwambiri ndi pomwe mukuimitsira wotchi. Systemd-analyze imasiya kuwerenga sikirini yolowera ikangofika, koma kwa inu kompyuta yayaka pamene mwalowa ndipo Firefox kapena LibreOffice yatseguka. Masisitimu opanda systemd alibe n'komwe lamuloli, ndiye wotchi ya pa foni, kuyambira pa batani mpaka pa tsamba loti mutaipepo, ndiyo muyezo wokhawo woyenera onse. Poyerekeza ndi Windows kumbukirani kuti kuyambira pa Windows 8, mu 2012, pali Fast Startup, imene pozimitsa imasunga mtima wa sisitimu pa disiki m'malo mozimiratu. Nthawi yake yeniyeni imaoneka mukasankha Restart. Ngati muli ndi Windows ndi Linux pa disiki imodzi, zimitsani Fast Startup, chifukwa imasiya chigawo cha Windows chili chokhoma moti Linux singalembemo.

Mukayeza motero mudzapeza kuti chosiyanitsa chachikulu ndi kuchuluka kwa zimene sisitimu imadzutsa, makamaka maonekedwe ake a pa sikirini. Ubuntu wamba ndi Fedora Workstation zimabwera ndi pulogalamu ya maonekedwe yotchedwa GNOME, imene imafuna RAM yochuluka ndiponso imawerenga zambiri pa disiki. Xubuntu ndi Linux Mint ya maonekedwe a Xfce ndi zopepukirapo, chimodzimodzi Lubuntu, imene yakhala ikugwiritsa ntchito maonekedwe a LXQt kuyambira mu 2018. Pa Ubuntu, kuyambira pa 21.10, Firefox imabwera ngati snap (njira ina yolongedzera mapulogalamu), ndipo pa hadidisiki yozungulira imakonda kuchedwa kutseguka ulendo woyamba kompyuta ikangoyaka, pamene Linux Mint imapereka Firefox mwa njira wamba. Kumbali inayi kuli masisitimu amene sagwiritsa ntchito systemd: antiX, Devuan, Void Linux ya runit ndi Alpine Linux ya OpenRC. AntiX, Void ndi Alpine zimayaka mofulumira makamaka chifukwa zimadzutsa zinthu zochepa, ndipo mtengo wake ndi wakuti zina zimene pa Linux Mint zimangogwira zokha, monga pulinta kapena Bluetooth, mungafunike kuzikonza ndi manja. Puppy Linux ili ndi njira yakeyake: imadzikopera mu RAM poyaka, ndiye ikangomaliza kuyaka mapulogalamu ake amatseguka mwachangu ngakhale disiki ili yofooka.

Pa kompyuta ya RAM ya 2 GB ndi hadidisiki yozungulira, ine ndimaika antiX kapena Debian ya Xfce, chifukwa pamenepo kupepuka kumamveka tsiku lonse, osati poyaka pokha. Pa ya 4 GB kapena kuposerapo yokhala ndi SSD, kusiyana kwa masisitimu kumachepa kwambiri moti ndimasankha imene mwini wake angaigwiritse ntchito mosavutika, ndipo kwa wochokera ku Windows imeneyo kawirikawiri imakhala Linux Mint. Amene ali ndi makompyuta akale kwambiri a 32-bit adziwe kuti Ubuntu inasiya kalekale kutulutsa sisitimu yawo, ndipo Debian 13, ya mu 2025, nayonso ilibe choikira cha makompyuta amenewa. Debian 12, ya mu 2023, ili nacho.

Kwa eni mashopu otaipa ndi kusindikiza, amene kompyuta imafunika kudzuka kasitomala akangolowa, pali njira ina yosafuna kusintha sisitimu. Laputopu ya batire labwino musamaizimitse pakati pa tsiku. Igonekeni posankha Suspend kapena potseka chivindikiro, ndipo idzadzuka m'masekondi ochepa ili pomwe munasiyira. Pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire losungira magetsi), kapena laputopu imene batire lake linafa, musadalire njira imeneyi, chifukwa zonse zimakhala zili mu RAM, ndipo magetsi akangozima ntchito imene simunasunge yatayika, disiki nayo yatsala yosatsekedwa bwino. Pa makompyuta oterowo sungani ntchito yanu pafupipafupi, ndipo poweruka muzimitse bwinobwino kudzera pa menyu musanazule waya kukhoma.